Szisz anapambana Grand Prix yoyamba chifukwa anali makaniko

Okonda mipikisano ya magalimoto akayamba kutchula akatswiri akale amayambira pa Fangio, ena amabwerera m'mbuyo pang'ono kufika pa Nuvolari, basi zathera pomwepo. Dzina la Ferenc Szisz silimveka. Chonsecho ndiye anapambana Grand Prix (mpikisano waukulu wa magalimoto) yoyamba ya ku France, imene inachitikira pafupi ndi Le Mans pa 26 ndi 27 June 1906. Maganizo anga ndi akuti anapambana chifukwa anali makaniko asanakhale dalaivala. Kulimba mtima kokha sikukanamufikitsa patali, poti madalaivala onse 32 amene ananyamuka tsiku limenelo anali nako.

Szisz anabadwira ku Szeghalom m'dziko la Hungary mu 1873. Anaphunzira ntchito ya zitsulo, ndipo mu 1900 analembedwa ntchito ku kampani ya Renault ku France. Pofika 1902 anali makaniko wokwera limodzi ndi Louis Renault mwini wake pa mipikisano. Nthawi imeneyo galimoto yampikisano inkanyamula anthu awiri, ndipo wachiwiriyo sankangokhala: ankapopa mafuta, kuyang'ana amene akubwera m'mbuyo, kumvetsera kalilidwe ka injini, ndi kudumpha pansi tayala likaphulika. Mu 1903 Marcel Renault, m'bale wake wa Louis, anamwalira pa ngozi ya pa mpikisano wochokera ku Paris kupita ku Madrid, umene boma linauimitsira ku Bordeaux. Louis anasiya kupikisana, chiwongolero n'kupita kwa Szisz.

Tsono taonani mmene mpikisano wa 1906 unalili. Usanabwere, mpikisano waukulu unali wa Gordon Bennett, umene unkalola magalimoto atatu okha pa dziko lililonse. A ku France, amene anali ndi makampani ambiri opanga magalimoto, anaona kuti akuponderezedwa, ndiye bungwe la Automobile Club de France linakonza wakewake wolola magalimoto atatu pa kampani iliyonse. Njira yake sinali bwalo la ku Le Mans limene masiku ano pamachitikira mpikisano wa maola 24. Inali misewu wamba yakumidzi, ya ngodya zitatu, yotalika makilomita 103.18. Ankazungulira kasanu ndi kamodzi tsiku loyamba, chimodzimodzinso tsiku lachiwiri, onse pamodzi makilomita 1,238. Malo ena, monga polambalala tauni ya Saint-Calais, anachita kuyala matabwa kuti pakhale msewu.

Malamulo awiri ndi amene anagamula mpikisanowu. Loyamba, galimoto isapitirire makilogalamu 1,000. Lachiwiri, wogwira galimoto akhale dalaivala ndi makaniko wake basi, popanda gulu lothamangira ndi matayala monga timaonera masiku ano. Ngakhale usiku wapakati pa masiku awiriwo, magalimoto anatsekeredwa mumpanda alonda ali pomwepo, ndipo m'mawa anachita kukokedwa ndi hatchi kupita ponyamukira. Chilichonse chofuna kukonza, unkachikonza wotchi ikuwerenga.

Vuto lalikulu linali matayala. Mawilo anali amatabwa, tayala lomangidwa pa wilo lenilenilo. Likaphulika, munkalidula ndi mpeni lili lotentha, kulikanganula, kulowetsa lina ndi chubu chake pogwiritsa zitsulo zotokosera, kenako kupopa ndi manja. Amene munaimapo pa okonza matayala n'kuona mmene amalimbirana ndi tayala la lole mukudziwa thukuta lake. Ntchito imeneyi inkadya mphindi pafupifupi 15 pa tayala limodzi. Kampani ya Michelin inabweretsa rimu yochotseka: tayala limabwera lopopedwa kale pa rimu yake, mumakweza jeke, kumasula manati asanu ndi atatu, kuchotsa, kuika lina, kumanga. Mphindi zinayi, nthawi zina zosakwana.

Koma rimu iliyonse yotereyi inkawonjezera makilogalamu pafupifupi 9, ndipo lamulo la makilogalamu 1,000 lija linali pomwepo. Makampani amene magalimoto awo anali kale pamalire analephera kuika. Fiat inaika marimuwa pa mawilo onse anayi. Renault inaika kumbuyo kokha, ndipo apa ndi pamene ndimaona nzeru za anthu odziwa galimoto. Mawilo akumbuyo ndi amene ankakankha galimoto, ndiwonso ankagwira mabuleki, chifukwa kutsogolo kunalibe mabuleki nthawi imeneyo. Matayala akumbuyo ndiye ankatha msanga. Bwanji unyamule makilogalamu 18 owonjezera kutsogolo kumene sikuvutavuta?

Injini ya Szisz sinali yaikulu kuposa zonse. Inali ya masilinda anayi, pafupifupi malita 13, mphamvu za mahatchi 90. Ya Fiat inali ndi malita 16, ya kampani ya Panhard 18. Komabe Renault yake inkafika liwiro la makilomita pafupifupi 150 pa ola pa msewu wowongoka, ndipo inali ndi ma shock absorber amafuta, chinthu chachilendo pa nthawiyo, amene ankathandiza kuti mawilo asamadumphedumphe pa msewu wokumbika.

Ndipo msewuwo unakumbikadi. Okonza mpikisano anathira phula kuti fumbi lisabuke, koma dzuwa linawomba kwambiri moti phulalo linasungunuka. Magalimoto ankaliponya m'mwamba pamodzi ndi timiyala, n'kumalowa m'magalasi a madalaivala ndi kuwawotcha m'maso. Edmond, mnzake wa Szisz wa ku Renault komweko, anasiya mpikisano chifukwa cha maso.

Magalimoto ankanyamuka imodzi imodzi kuyambira 6 koloko m'mawa, motalikirana masekondi 90, kutanthauza kuti unkapikisana ndi wotchi koposa ndi galimoto yoyandikana nayo. Szisz, ali ndi makaniko wake Marteau, anamaliza tsiku loyamba mu maola 5 ndi mphindi 45, kutsogola Albert Clément, dalaivala wa kampani ya Clément-Bayard, ndi mphindi 26. Tsiku lachiwiri sanachite phuma. Chakumapeto sipuling'i yakumbuyo inathyoka, koma anali ndi nthawi yokwanira m'manja moti anangoyendetsa mosamala mpaka kukafika. Nthawi yake yonse inali maola 12 ndi mphindi 14, liwiro lapakati makilomita 101 pa ola. Felice Nazzaro wa Fiat anabwera wachiwiri, mphindi 32 m'mbuyo. Clément, amene galimoto yake inalibe marimu ochotseka, anakhala wachitatu, atapitiriridwa ndi Nazzaro ndi mphindi zitatu zokha. Pa magalimoto 32, anamaliza 11.

Ndikudziwa ena mwa inu munena kuti ndiye kuti anapambana ndi Michelin, osati Szisz. Marimu anathandiza, sindikukana, ndipo Clément mwina akanakhala wachiwiri akanakhala nawo. Koma Nazzaro anali nawo anayi, Szisz awiri, ndipo mpata wa theka la ola unalipobe. Anzake awiri a ku Renault anali ndi galimoto zofanana ndi yake, onse sanamalize. Kusiyana kwake kunali kudziwa polekezera: kuponda kufika pati kuti tayala lisang'ambike, kusiya liti kuthamangitsa injini, ndi kugwira sipanala manja osanjenjemera patatha maola asanu ukugwedezeka padzuwa. Zimenezi anaziphunzira pa mpando wa makaniko uja.

Zotsatira zake kwa Renault zinaoneka pa malonda: mu 1906 anagulitsa magalimoto pafupifupi 1,600, chaka chotsatira anapitirira 3,000. Mu 1907 mpikisano unasamukira ku Dieppe ndi lamulo latsopano la malita 30 a mafuta pa makilomita 100, ndipo Nazzaro anabweza popambana, Szisz n'kukhala wachiwiri. Mu 1908 sanamalize, Renault inatuluka m'mipikisano ya Grand Prix osabwereranso mpaka 1977. Szisz anakatsegula galaja yake ku Neuilly-sur-Seine. Anayesanso mu 1914 ku Lyon pa galimoto ya Alda, koma ataima m'mbali mwa msewu kusintha tayala, galimoto ina ya Opel inamugunda n'kumuvulaza mkono. Patangopita milungu yochepa nkhondo yoyamba yapadziko lonse inabuka, ndipo anatumikira ku mbali ya France.

Anamwalira mu 1944 ku Auffargis, kufupi ndi Paris, anthu atamuiwala kwambiri moti ku Hungary kunatulukira bambo wina wonena kuti iyeyo ndiye Szisz, ndipo ambiri anamukhulupirira mpaka pamene anamwalira mu 1970. N'chifukwa chake mabuku ena akale amalemba chaka cholakwika cha imfa yake. Mukakumana ndi 1970, dziwani kuti ameneyo ndi wachinyengo uja.