Chipolopolo chachikulu sichiyenera msilikali aliyense

Maganizo anga pa mkangano woti mfuti yabwino ya msilikali ndi iti pakati pa AK-47, FAL ndi M16 ndi akuti ambiri amangoyang'ana kukula kwa chipolopolo. Msilikali woyenda pansi amapindula ndi chipolopolo chimene angathe kunyamula chambiri, komanso chimene chimamulola kuwomberanso msanga akaphonya.

Chipolopolo cha FAL ndi mfuti ina ya G3, 7.62×51 (manambalawa ndi kukula kwa mutu wake ndi kutalika kwa chigoba, mu mamilimita), pamodzi ndi chigoba ndi onga wake, chimalemera pafupifupi magalamu 24. Cha AK-47, 7.62×39, magalamu 16. Cha M16, 5.56×45, magalamu 12 okha. Magazini asanu ndi awiri a M16 amalowa zipolopolo 210, zolemera makilogalamu awiri ndi theka. Wa FAL akasenza katundu wolemera chimodzimodzi ali ndi zipolopolo zongopitirira pang'ono 100. Nkhondo ikatenga maola, iyeyu ndiye amayamba kuthedwa.

Mphamvu FAL ili nayo ndithu. Mutu wa chipolopolo chake, wa magalamu 9.5, umatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 840 pa sekondi, ndipo umaboola mitengo ndi zipupa zimene 5.56 imalephera. Vuto lake ndi kugunda phewa. Ukaiwombera mosalekeza, kamwa la mfuti limakwera ndipo zipolopolo zotsatira zimapita m'mwamba. N'chifukwa chake FAL ya asilikali a ku Britain, L1A1, inapangidwa kuti izitulutsa chimodzichimodzi basi, ndipo South Africa inayamba kusiya FAL yake, R1, n'kutenga mfuti ya R4 ya 5.56 cha mu 1980.

AK-47, yomwe ili ngakhale pa mbendera ya Mozambique, sinatchuke chifukwa cholasa patali. Mutu wa chipolopolo chake, wa magalamu 8, umayenda mamita pafupifupi 715 pa sekondi, ndipo ukapitirira mamita 300 umagwa kwambiri. Ubwino wake uli mkati: zitsulo zake zili ndi mpata wokwanira moti fumbi silizitsekereza msanga, ndipo chigoba n'chochepera kutsogolo, choncho chimasololoka mosavuta (ndicho chifukwa magazini ake ali okhota). Komabe eni ake a ku Soviet Union anasinthira ku kachipolopolo ka 5.45×39 mu 1974. Amene amati AK-47 ilibe inzake aziganizire zimenezi.

Nayo 5.56 ili ndi chilema chachikulu: imadalira liwiro. M193, mtundu wina wa 5.56 wa mutu wa magalamu 3.6, imatuluka mu mpope wa masentimita 51 pa liwiro loyandikira mamita 990 pa sekondi, ndipo ikalowa m'thupi imatembenuka n'kusweka. Liwiro likatsika pansi pa mamita 800 kapena chapompo, kusweka kuja sikudalirikanso, bala limakhala kabowo kakang'ono. Mpope wa M4, yomwe ndi M16 yofupikitsidwa, ndi wa masentimita 37, ndiye chipolopolo chimanyamuka kale ndi liwiro lochepa ndipo chimafika pa malire amenewo chisanapite patali. Kufupikitsa mpope kumathandiza m'galimoto ndi m'nyumba, koma kumadya mphamvu ya chipolopolo.

Chilemachi chinaonekera ku Afghanistan, kumene a Taliban ankawombera kuchokera m'mapiri ndi mfuti yachiwaya ya PKM ya 7.62×54R, patali poti 5.56 sinkathandiza kwenikweni. Mu 2010 Britain inabweretsa mfuti ya L129A1 ya 7.62×51, n'kuipereka kwa akatswiri ochepa olasa patali m'gulu lililonse, ena onse n'kukhalabe ndi 5.56. Kwa ine yankho lolondola ndi limeneli.

Ndicho chifukwa sindikugwirizana ndi zimene asilikali a America anasankha mu 2022, mfuti ya SIG Sauer yomwe pano ikutchedwa M7, ya chipolopolo cha 6.8×51. Cholinga chake ndi kuboola zovala zotchinga zipolopolo ndi kufika patali, ndipo cholingacho ndi chomveka. Koma magazini ake amalowa 20, msilikali akunyamula 140 m'malo mwa 210, ndipo mfutiyo ikulemera kuposa M4 ndi pafupifupi kilogalamu imodzi isanaikidwe chochepetsa phokoso. Kafukufuku wa asilikali a America omwewo wa mu 1952 anapeza kuti kuwomberana kochuluka kumachitika mkati mwa mayadi 300, ndipo m'tauni ndi m'nkhalango mdani amaoneka pafupi kuposa pamenepo. Mfuti zolemerazo azipereke kwa awiri kapena atatu pa gulu, osati kwa aliyense.