Inu otseka ngalande za msewu, tamverani kuno

Ana anga, ine ndakalamba ndikuyenda pa M1. Ndaona phula likuthiridwa, ndaonanso phula lomwelo likusanduka maenje. Mukagwera m'dzenje mumathamangira kunyoza boma. Boma lili nawo mlandu wake, inde. Pa lita iliyonse ya mafuta pamakhala ndalama ya misewu, ndipo kuyambira 2021 tikulipira pachipata cha Chingeni, kenako anatsegulanso cha Kalinyeke ku Dedza. Tili ndi ufulu wonse wofunsa a Roads Authority, omanga ndi kukonza misewu, ndi a Roads Fund Administration, osunga ndalama za misewu, za ntchito yawo. Koma lero ndabwerera inu.

Mdani wamkulu wa msewu ndi madzi. Phula mukulionalo ndi khungu chabe, lopyapyala. Mphamvu yonse ili pansi pake, pa miyala ndi dothi lotsenderedwa, ndipo ngalande anaikumba kuti madzi asagone pamenepo. Nanga inu mukutani nayo? Sabata yathayi pamsika wa kwathu ndinaona mayi wina akusesa makoko a nzimbe, zitsononkho ndi majumbo, n'kukankhira zonsezo pakamwa penipeni pa kalavati. Nditamufunsa anangoti mvula idzakokolola. Sidzakokolola, mwana wanga. Madzi adzadikha pamenepo, adzalowa m'ming'alu, dothi la pansi lidzafewa ngati phala, lole ikadzaponda phula lidzaphwanyika. Dzenje limayamba ngati mbale ya ndiwo, pofika Malichi mwana akhoza kusambamo. Ndiye wa kabaza polizemba amakalowa kumene kukubwera basi, ife n'kumakagona pa siwa.

Inunso olima mizere mpaka kugunda phula, okumba mchenga m'tsinde mwa mlatho, ozula zikwangwani kukapanga mbaula, manyazi mulibe? Achinyamata, mukakwiya yendani, imbani, dandaulani, koma matayala pamsewu musawotche. Pamene payaka tayala phula limapsa n'kuyamba kunyenyeka, ndipo amene mwamukwiyirayo sadutsa pamenepo wapansi. Amadutsapo ndi mayi anu.

Tsono eni malole, inu mukundipweteka mtima kwambiri. Mayeso aakulu a misewu amene anachitika ku Illinois, m'dziko la America, kuyambira 1958 mpaka 1960, anaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi, chitsulo cholumikiza matayala, kukawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi maulendo 16. N'chifukwa chake pa Mwanza, Dedza ndi Songwe pali masikelo. Inu mumapakira simenti kapena feteleza mopyola muyeso, n'kumayenda usiku kuzemba sikelo. Phindu mwalowetsa m'thumba lanu, tinjira ta matayala tomwe mwasiya pa phula mwasiyira tonsefe.

Mvula yoyamba isanagwe, aliyense atenge khasu ndi fosholo, atsegule ngalande ya kutsogolo kwa golosale yake ndi ya pakhomo pake. Mafumu ndi makomiti a misika, kumbitsani nkhuti ya zinyalala kutali ndi msewu, ndipo wotaya m'ngalande mumuitane pabwalo.