Kunena kuti "talakwitsa" kunaphapo ndani?

Lero mtima wandiwawa zedi. Mlamu wanga anapita ndi kamwana kake ka zaka 2 pa chipatala china kuno ku Angónia ku Mozambique, thupi lili moto. Anakabaya chala, anapeza malungo. Pawindo la mankhwala anamupatsa Coartem, koma paketi ya akuluakulu, ija ya mapiritsi 24, ati anayi m'mawa, anayi madzulo. Kamwana kosafika makilo 15 kamamwa piritsi limodzi pa nthawi, paketi ya 6 basi. Mwayi wake anakumbukira kuti chaka chatha paketi inali yaing'ono, ndiye anabwerera kukafunsa.

Mukudziwa zimene anamuchita? Kulanda paketi ija, kumuponyera ina, "Wotsatira!" Ngakhale pepani. Atafunsa kuti chalakwika n'chiyani, akuti "Mayi, mukufuna mutiphunzitse ntchito?"

Kulakwa ine sindikukana. Odwala ndi ambiri, anamwino ndi ochepa, tikudziwa. Chikundinyansa ndi kukhala chete ngati palibe chachitika. Mwalakwitsa, nenani kuti mwalakwitsa! Lilime silithothoka ayi. Uzani mayiyo, uzani anzanu a pantchito, lembani m'buku kuti lero tinatsala pang'ono kumwetsa mwana mankhwala a munthu wamkulu. Mukangosintha paketi mwakachetechete, aphunzirapo ndani? Palibe. Mawa windo lomwelo, dzanja lomwelo, abwera agogo ochokera ku Domué osadziwa kuwerenga, akamwetsa mdzukulu anayi anayi monga auzidwira. Mwana akafooka mudzati anachedwa kubwera naye, kapena anayamba apita kwa asing'anga. Nthawi zonse wolakwa ndi wodwala, ovala zoyera salakwa.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi uja anakupulumutsani inuyo, koma mwamuona ngati mdani.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati pa odwala 10 alionse, pafupifupi mmodzi amavulazidwa ndi chithandizo chomwe anapitira kuchipatala. Ndiye kuti zimachitika kulikonse, kwa azungu komwe. Nanga ifeyo tikubisa chiyani? Manyazi a chiyani? Ine ndingakhulupirire dokotala wondiuza kuti "pepani amayi, apa taphonya" kuposa wondikalipira kuti ndisafunse.

Ndiye palinso izi zolankhula Chipwitikizi chokhachokha kwa munthu woti mukumuona kuti sakumva. Inuyo kwanu ndi konkuno, kumsika wa Ulongué timagulira limodzi mbatatesi m'Chichewa. Mukangovala gauni loyera Chichewa chathawa? Kenako muzidabwa anthu akamawoloka malire kupita ku Dedza.