Anthu a ku Gaza athawire kuti?

Mwalemba kuti asilikali a Israel amayamba achenjeza anthu kuti asamuke asanaphulitse malo. Asamukire kuti? Gaza ndi kadera ka makilomita 41 okha m'litali, uku nyanja, uku mpanda. Anthu oposa 1 miliyoni anakaunjikana ku Rafah, mzinda wa Gaza wa kumalire ndi Egypt, atauzidwa kuti athawire kum'mwera. Mu Meyi 2024 akasinja a Israel anawapeza komweko, chipata cha ku Egypt n'kutsekedwa. Ufa ndi mankhwala zinangokhala m'malole kunja, mkatimo mayi akusowa chophikira mwana phala.

Zimene Hamas, gulu la zida la ku Gaza, inachita ku Israel pa 7 Okutobala 2023, kupha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena, ndi nkhanza zosaneneka, sindikukana ayi. Koma kamwana kogona m'tenti, koima pamzere wa madzi ndi chigubu chokaposa msinkhu, kanalakwira ndani?