Mwana wodwala asamalowe m'kalasi aphunzitsi asakudziwa chochita

Kuyambira mu 2022 sukulu za boma ndi zaulere muno m'Zambia, ndipo makalasi adzaza kuchokera ku Petauke, Katete, Chipata mpaka ku Lundazi. Pakati pa anawa pali a khunyu, a sickle cell (matenda a magazi obadwa nawo), a mphumu ndi ena omwa ma ARV tsiku ndi tsiku. Maganizo anga ndi akuti chimene chimawagwetsa mphwayi ana otere ndi manyazi, komanso kukhala m'manja mwa akuluakulu amene sanauzidwe kanthu.

Makolo, temu ikamayamba pitani mukakhale pansi ndi mphunzitsi wa kalasi komanso wa guidance, wolangiza ana. Lembani pepala limodzi lokha: matendawo, mankhwala ndi nthawi yomwera, zizindikiro zoopsa, manambala awiri a foni, ndi masiku a review kuchipatala kuti mwana asamayesedwe wojomba. Za HIV zokha zimafuna kusamala. Uzani mphunzitsi mmodzi amene mumamukhulupirira, ndipo ngati mwana ndi wamkulu mufunseni kaye, nkhaniyo ndi yake.

Pa khunyu ndiye pamene timalakwa kwambiri. Mwana akagwa, sunthani madesiki, muikireni juzi pansi pa mutu, ndipo wina ayang'ane nthawi. Musamupanikize, musamumwetse madzi, musamuike sipuni kapena chala m'kamwa. Lilime silimezeka, koma mano amathyoka. Akasiya kuphupha mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala. Ngati wadzikodzera mufunditseni chitenje anzake asanaunjikane, pakuti chimene amakumbukira zaka zambiri ndi kuseka kwa tsiku limenelo. Kenako aphunzitsi auze kalasi momveka kuti khunyu sapatsirana, kaya kudzera m'malovu, kaya podyera mbale imodzi. Mphunzitsi akakhala chete, ana amatsatira zimene anamva kumudzi, ndipo mawa lake palibe wofuna kukhala naye desiki imodzi.

Dziwaninso kuti phenobarbitone, mankhwala a khunyu, amachititsa tulo ndipo ana ena amachedwa kugwira zinthu akamamwa. Mwana wosinza m'mawa asathamangire kutchedwa waulesi. Makolo akauze adokotala kuti aone mlingo kapena nthawi yomwera, koma asasiyitse mankhwala okha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa. Palinso khunyu wongoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Mwana wotere amakalipiridwa kuti samvetsera.

Wa sickle cell amafuna botolo la madzi padesiki ndi chilolezo chopita kuchimbudzi osapempha kawirikawiri, poti impso zake sizisunga madzi bwino. Kumukaniza kutuluka kumamuphunzitsa kusamwa, ndipo kusamwa kumadzutsa ululu wa m'mafupa. Kuzizira kwa June ndi July kumachitanso chimodzimodzi, choncho avale juzi ngakhale isakhale ya yunifomu, ndipo akhale kutali ndi zenera losweka. M'dzuwa la October asamalimitsidwe kapena kuthamangitsidwa mpaka kutheratu. Azisewera, koma apume akafuna. Thupi likatentha kufika madigiri 38, chifuwa chikamapweteka, kapena mbali imodzi ikafooka ndi pakamwa kupotoka, ndi za kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuweruka. Akati akumva ululu mukhulupirireni, ululu umenewu suoneka ndi maso. Maso achikasu ndi kuchepa msinkhu ndi zimene anzake amamutonza nazo, ndipo dzina lachipongwe likamveka koyamba lithetsedwe tsiku lomwelo.

Mwana akagonekedwa milungu iwiri m'chipatala, kaya ku Chipata Central, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete, sukulu isamuiwale. Sankhani mnzake mmodzi wolemba bwino azimukopera manotsi, achibale azimutengera Lachisanu lililonse. Akabwerera musamuunjikire ntchito yonse ya masiku amene anajomba. Yambani ndi masamu ndi kuwerenga, poti m'menemo phunziro la lero limatsamira pa la dzulo. Mphindi 20 zomuphunzitsa payekha katatu pamlungu zimathandiza kuposa mulu wa homuweki. Ndipo chonde musamuimike kutsogolo kuti afotokoze kumene anali. Mufunseni pambali zimene akufuna kuti anzake adziwe.

Kunyumba nakonso tichepetse mawu akuti "uyu ndi wodwaladwala" alendo akabwera. Mwana amamva, n'kuyamba kudziona ngati katundu wolemera pabanja. Mupatseni ntchito zomwe angathe, kupatula za pamoto ndi pachitsime kwa wa khunyu. Akayamba kudzipatula, kukana chakudya, kubisa mapiritsi kapena kunena kuti bola kufa, musadikire kuti zitha zokha. Kaonaneni ndi aphungu a kuchipatala kumene amalandira mankhwala, kapena imbani 116, nambala yaulere ya Childline, ndipo mwanayo atha kuimba yekha.