Mwasemphanitsa mawaya, ndiye mukumanganso waya pa fyuzi?

Ndikulemba mtima usanatsike. Loweruka lapitali, kutada kale, mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni kuti galimoto yake yakana kulira. Anaiwala kuzimitsa nyali ndipo batire linatha. Zimenezo zimagwera aliyense, sindimudzudzula pamenepo. Zimene zinandiwawa ndi zimene ndinakapeza: anyamata anayi azungulira boneti, wina akuunikira ndi foni, wina ali ndi ndudu yoyaka pakamwa, fungo la pulasitiki wopserera lili guu. Anali ataimitsa galimoto ya mnzawo pafupi kuti ajampe, ndiko kulumikiza mabatire awiriwo ndi mawaya kuti yakufayo ilire, ndipo mumdimamo analumitsa waya wa pozitivi (+) pamutu wa negetivi (−) wa batire. Moto unathetheka, iwo n'kumati ndiye kuti mphamvu yalowa. Analumitsanso kachiwiri!

Pamene ndinkafika n'kuti dashboard yonse itazima, ngakhale kanyali kamodzi osayaka, ndipo mmodzi wa iwo atatsegula bokosi la mafyuzi, atapeza fyuzi yaikulu yapsa, akupota kachidutswa ka waya wa kopa kuti amange pamalopo. Ndinachita kumulanda m'manja.

Ana inu, nzeru zimenezi mukuzitenga kuti? Fyuzi imeneyo yafa kuti galimoto yanu ikhale ndi moyo. Ndi mlonda amene waima pakhomo n'kulandira nkhonya imene ikanagwera kompyuta ya injini. Inu m'malo mofunsa kuti yafera chiyani, mukuchotsa mlondayo n'kusiya chitseko chili pululu. Waya wanuyo adzaduka liti magetsi akachuluka? Sadzaduka msanga ngati fyuzi. Chimene chidzapse ndi mtolo wa mawaya umene uli kuseri kwa dashboard, ndipo motowo udzayamba muli pamsewu, ana ali kumpando wakumbuyo. Ndaonapo ena akukulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Ndaonapo ena akuzula fyuzi ya 30 n'kuibaya pamalo a 10, ati kuti isamapsepse. Kodi amene analemba manambala pa chivundikiro cha bokosilo ankangosewera?

Kusemphanitsa mawaya n'kulakwa kwa kamphindi, ndipo nthawi zambiri kumathera pa fyuzi yaikulu ija ya pafupi ndi batire, imene pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono imakhala ya 100 kapena 120. Chimene chimapha galimoto ndi phuma limene limabwera pambuyo pake. Aliyense amasanduka makaniko. Uyu akuti tayesaninso, uyo akuti tagogodani sitata ndi mwala, winayo wagwira kiyi akupotokola osalekeza mpaka mawaya atenthe. Mukuyesanso chiyani, utsi mwauona ndi maso anu?

Zikatero, chotsani kiyi, chotsani mawaya ojampira, bwererani pambuyo. Yang'anani batire ndi tochi, osati ndi machesi. Ngati latupa, lang'aluka, likudontha madzi kapena likununkha ngati dzira lovunda, musalikhudzenso. Ngati lili bwino, pitani ku fyuzi yaikulu, kenako zing'onozing'ono imodzi ndi imodzi, za pansi pa boneti ndi za mkati momwe. Yofiira ndi ya 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30, ndipo yakupsa ilowedwe m'malo ndi inzake ya nambala yomweyo basi. Mukaika yatsopano n'kupsanso nthawi yomweyo, imani pomwepo. Pali chimene chawonongeka mkati, ndipo simuchipeza powotcha mafyuzi thumba lonse.

Ndiyeno pali alternator, yotchaja batire injini ikamalira, imene anthu amaiiwala chifukwa galimoto yalira. Kulira kumeneko kusakunamizeni. Mkati mwa alternator muli ma diode, olola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha, ndipo mawaya akasemphana ndi iwo amene amayamba kumva ululu. Kachipangizo koyezera magetsi kaja, multimeter, n'kakang'ono kolowa m'thumba, koma anthu amene amasintha mawilo ndi wailesi chaka ndi chaka alibe. Batire lodzaza bwino, injini itazima, limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Injini ikulira liyenera kukwera kufika cha m'ma 14. Likangokhala pa 12 pomwepo, kapena kanyali kofiira ka chithunzi cha batire kakukana kuzima, dziwani kuti mukuyendera mphamvu yotsala m'batire yokha, ndipo ikatha mudzaima pamene simunafune, mwina usiku pamalo okhota. Diode yowonongeka imathanso kumakama batire galimoto itaima, m'mawa uliwonse n'kumapeza latha. Mudzagula batire latsopano, nalonso lidzatha, inu n'kumatukwana wogulitsa wosalakwa.

Ndipo musandiuze za kuyeza alternator pozula mutu wa batire injini ikulira. Ndani anakuphunzitsani zimenezi? Inde, ife tinkachita pa magalimoto akale amene munalibe kompyuta, ndipo ngakhale pamenepo kunali kulakwa. Pa galimoto ya masiku ano batire ndi limene limameza magetsi akalumpha mwadzidzidzi. Mukalichotsa, kulumphako kumakathera mu kompyuta, mu wailesi, mu dashboard. Chimodzimodzinso mchitidwe woliza galimoto ndi batire lobwereka kenako n'kulizula injini ili mkati molira kuti mubwezeretse lanu lakutha. Mwapulumukapo kawiri katatu, ndiye mwayesa luso?

Nanga awa oimitsa lole kuti iwajampe? Malole ambiri akuluakulu amayendera mavolti 24, kagalimoto kanu ndi ka 12. Mukufuna mababu ndi kompyuta zipirire bwanji? Nanga awa ogunditsa mabatire awiri ndi masipanala, mphete ili kuchala, wotchi yachitsulo ili pamkono? Mphete ikagunda pozitivi ndi chitsulo cha galimoto nthawi imodzi imafiira ngati khala, chala chili momwemo. Nanga mawaya opyapyala a m'nyumba amene mumasenda ndi mano n'kugwirizira ndi manja? Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umangofuna kambaliwali kamodzi. Likaphulika, asidi amapita kumaso kwa amene waweramirapo. Galimoto imagulidwa ina, koma diso mukalitenga kuti? Mnyamata wa ndudu uja ndinamufunsa funso lomweli, anangoti zyolizyoli.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ntchito yake ndi yosavuta. Pa batire penipenipo analembapo + ndi −. Pukutani fumbi muwerenge, musamangodalira mtundu wa waya, chifukwa magalimoto ena anadutsa m'manja ambiri ndipo mawaya anasinthidwa kalekale. Wofiira ayambe pa + ya batire lakutha, apite pa + ya batire labwino. Wakuda achoke pa − ya batire labwino, akalume chitsulo chopanda penti cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire, kuti kuthetheka kukachitika kuchitikire kutali ndi mpweya uja. Pochotsa muyambire kumene munamalizira. Zonsezi zili m'kabuku ka galimoto kamene kakuwola m'kabati ya kutsogolo, simunakatsegulepo chigulireni. Safunsa anadya phula, koma inu kufunsa mumakuyesa manyazi pamaso pa anzanu.

Galimoto ya mwana wa mlongo wanga tinachita kuikoka. Makaniko wa zamagetsi anapeza fyuzi yaikulu yapsa, ziwiri zing'onozing'ono zapsa, alternator yatha ntchito. Kompyuta inapulumuka, ndipo ine ndikudziwa kuti waya wa kopa uja akanamangidwa, iwo n'kulumitsanso kachitatu mmene analumitsira poyamba, bwenzi tikukamba zina. Mnzake amene anabwereketsa galimoto nayenso anapita kwawo wailesi itazima, chonsecho iye anangobwera kudzathandiza.

Ngati simutha kusiyanitsa + ndi −, tsekani boneti, ikani manja m'thumba, muitane wodziwa. Ndipo ndudu yanuyo muzimitse.