Pa maphunziro a mafizo, tiziwerenga aphunzitsi, osati makatoni a katundu

Maganizo anga ndi awa. Yunivesite yakunja ikabwera kuti tithandizane pa maphunziro a mafizo, choyamba kufunsa chikhale chakuti: ndalama zikadzatha, adzatsale akuphunzitsa ndani?

Kuno ku Malawi digiri ya mafizo inayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe pano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Isanayambe, wofuna digiriyi amakaipeza kunja. Sukulu yoyamba chonchi siingapewe kudalira alendo. Vuto lili pa momwe alendowo amabwerera.

Kawirikawiri mphunzitsi amatera pa Chileka, n'kupanikiza phunziro la temu yonse m'sabata ziwiri, n'kubwerera. Ophunzira amalemba notsi zodzaza kope, koma mafizo ndi ntchito ya manja. Kudzutsa munthu wodwala sitiroko pabedi osamukoka mkono wofookawo, kuti phewa lisaguluke, sumakudziwira pa projekita. Pamafunika wina ayime pambali pako m'wodi ku Queens kapena ku chipatala cha mafizo cha Kachere, akugwire dzanja, akuuze kuti ugwire apa osati apo. Ku Britain wophunzira samaliza asanakwanitse maola 1,000 akugwira odwala moyang'aniridwa. Ndiye ngati mgwirizano ulibe bajeti yosula oyang'anira ophunzira m'zipatala, ndi ya thiransipoti yokawayendera kumaboma, ndiye kuti wasiya mbali yaikulu ya maphunzirowo.

Mlendo aliyense azikhala ndi mnzake wakuno. Chaka choyamba mlendo aphunzitse, wakuno aonerere. Chachiwiri agawane. Chachitatu wakuno atenge kalasi, mlendo angothandiza kuunika mayeso. Ndipo za masitazi ndi PhD zikonzedwe kuti munthu azipita miyezi yochepa n'kubwera, kafukufuku azichitira kuno. Mukatumiza aphunzitsi atatu nthawi imodzi kwa zaka zinayi, dipatimenti imatsala mbee, ndipo ena sabwerako.

Silabasi nayo isamangokopedwa. Ya ku Ulaya imathera nthawi yambiri pa okalamba oikidwa chiuno chapulasitiki ndi chitsulo, ndi ovulala pamasewera. M'mawodi athu muli ana opuwala chifukwa chobanika pobadwa kapena malungo a muubongo, ana opsa ndi moto omwe khungu limakokana akapanda kuwongoledwa, TB ya msana, ndi othyoka pa ngozi za kabaza omwe amagona sabata zambiri mwendo uli pa chokokera. Palinso ana obadwa ndi mapazi opindika, omwe njira yowawongolera, yotchedwa Ponseti, imafuna pulasitala yosintha sabata iliyonse, kenako nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo maola 23 patsiku kwa miyezi itatu, kenako usiku wokha mpaka mwana atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Apa mwana amabwerera m'mbuyo makolo akasiya nsapatozo, osati chifukwa pulasitala inalakwika. Choncho wophunzira ayesedwe mayeso pa kuphunzitsa gadiyani m'chilankhulo chake, chifukwa wodwala wochokera kutali mwina adzaonekanso pakatha mwezi, ndipo mafizo a tsiku ndi tsiku achita ndi mayi ake kapena mlongo wake.

Za makina ndinene mwachidule. Makina a 110V ochokera ku America akalumikizidwa pa magetsi athu a 230V opanda thiransifoma amapsa tsiku lomwelo. Ena amaima chifukwa timapadi tomata pakhungu kapena jelo zatha, ndipo palibe wogulitsa kuno. Zitsulo zogwirira pophunzira kuyenda, owotcherera athu amapanga bwinobwino mukawapatsa miyezo.

Chomaliza chomwe ambiri amachizemba ndi ntchito. Omaliza maphunziro akalembetsa ku Medical Council koma boma lilibe malo m'zipatala za maboma, ndiye tasulira maiko ena. Unduna wa Zaumoyo uzisayina nawo pepala la mgwirizano kuyambira pachiyambi, ndipo palembedwe malo angati adzatsegulidwe, m'maboma ati, chaka chiti.